Kodi makina ogulitsa okha aja angandidyetse kuno ku Mzuzu?

WakuChibavi:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndinakhalako ku Johannesburg zaka zitatu, kumeneko ndimaona ma vending machine, makina aja umangoponyamo ndalama nkudina batani, chakumwa kapena bisiketi nkugwa chokha popanda wogulitsa. Chibwerereni maganizo amenewa sakundichoka. Ndili ndi kampamba pang'ono ndipo ntchito ndikugwira panoyi yanditopetsa, ndikufuna ndisiye ndigule makina awiri, ena ndiike cha ku Luwinga pafupi ndi Mzuni poti ana asukulu amawerenga mpaka usiku maokala atatseka, enawo mwina kudepoti. Alipo anayesako? Munthu ungadyetse banja ndi geni imeneyi osadalira china?

Mlongo wa ku Katoto:
Achimwene ntchito musasiye kaye chonde. Anthu azilipira bwanji? Ku Joni makobidi a R2 ndi R5 amagula kanthu, kuno K10 yachitsulo olo mwana satola pansi. Ndiye kuti makinawo azilandira zapepala, ndipo mukudziwa mmene ma K500 ndi K1000 athu amakhalira akazungulira mumsika wa Taifa, ofewa ngati nsanza ena omata ndi selotepu. Makina amalavula zoterozo, ndipo munthu akamulavulira kawiri sabweranso. Nanga chenji? Njira ndi Airtel Money kapena Mpamba basi, koma pamafunika wodziwa kulumikiza makinawo, ndipo netiweki ikavuta ndalama yadulidwa chakumwa sichinagwe, aziimbira inuyo foni pakati pa usiku.

Bambo wa okala, Zolozolo:
Ine ndagulitsa zakumwa zaka zambiri ndiye ndikuuzeni za phindu. Anthu kuno amagula za m'botolo lagalasi chifukwa ndi zotchipa, amamwera pomwepo nkubweza botolo. Makina salandira botolo, ndiye muzioda zam'chitini kapena zapulasitiki zomwe ndi zodula kale. Tiyerekeze mukupeza K200 pa chimodzi, mwagulitsa 30 patsiku, ndi K6,000, apo simunachotse magetsi, lendi ya malo, thiransipoti yokaoda ndi zomwe zapitirira deti. Komanso musaiwale kuti uku ndi ku Mzuzu, June ndi July kukamazizira ndi kamvula kaja fuliji yanga imangokhala chidzadzire, anthu amafuna tiyi.

Chinanso makinawo ndi oitanitsa kunja, kaya adzera ku Dar es Salaam nkulowa pa Songwe, kulipira msonkho ku MRA, zonse zikuyendera dola. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Kachipangizo kamodzi kakafa muzidikira milungu makina ali chiimire, pamene mayi wa kula bokisi pambali panupo akugulitsa, nkumakongozanso makasitomala ake.

Nyasulu_Jr:
Ine sindikuona ngati ndi maganizo oipa ayi, vuto ndi malo. Kudepoti iwalani, mavenda ndi ambiri amakufikira pawindo la basi, komanso usiku angakuswereni galasi. Pezani pomwe pali anthu usiku koma palibe wogulitsa, mkati mwa mpanda muli alonda, ngati mahositelo kapena chipatala. Ndinadikirirapo mayi anga sabata ziwiri kuchipatala, 2 koloko usiku kufuna madzi akumwa ndi sopo koma kogula kunalibe, zinandiwawa kwambiri. Musangoganiza za Fanta, ikanimo madzi, sopo, mapadi, mabisiketi, zosafuna kuzizira, magetsi akathima katundu saonongeka bola pakhale kabatire ka makinawo. Lembani mgwirizano ndi eni malo, ndipo layisensi kukhonsolo mukatenge musanayambe.

WakuChibavi:
Yewo nonse, za botolo lagalasi ndi chenji sindinaziganizireko nkomwe. Ntchito ndiigwirabe, ndiyamba ndi amodzi. Loweruka ndipita ku Luwinga ndikakhale madzulo onse ndikuwerenga anthu odutsa maokala akatseka. A ku Zolozolo, zam'chitini mumaoda kuti mtauni muno, ndipo amalola kutenga katoni imodzi?