Za oats wa ndimu uja, zatheka tsopano

Ndinafunsa chifukwa chimene mkaka umadukira ndikafinyiramo ndimu poviika oats usiku kuti ndidye m'mawa. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Nkhani yake ndi asidi wa mu ndimu, ndiye amaundanitsa mkaka. Malangizo amene andithandiza kwambiri ndi oti fungo la ndimu lili m'khungu, osati m'madzi ake. Ndiye ndimatsuka ndimu bwinobwino, kenako ndimapala khungu la pamwamba lokha. Mukafika poyera paja siyani, pamawawa.

Panopa ndikuthira theka la kapu ya oats, theka la kapu ya mkaka, masipuni awiri a chambiko, uchi pang'ono, kamchere ndi khungu la ndimu lopalidwa lija. Madzi a ndimu, kasipuni kamodzi kokha, ndimayamba ndawasakaniza ndi chambiko, popeza icho n'chowawasa kale. Yogati nayenso amagwira ntchito. Ndimatseka m'botolo n'kuika mu fuliji maola 8.

Gulani rolled oats, wa njere zathunthu zophwatalala. Wa instant, wongothira madzi otentha n'kudya, amaphwetekera kwambiri, ine sindimukonda.

Amene munatchula nthochi, ndavomereza: yodula m'mawa momwemo imachepetsa kuwawasa, ndipo ana kwathu akumaliza mbale yonse.