Ndithandizeni kufufuza agogo anga amene anatchona ku Joni

Abale ndi alongo, ndabwera kudzapempha nzeru. Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anachoka kwathu ku Ntcheu kupita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi, mayi akadali kumsana. Poyamba ankatumiza ndalama ndi mabulangete, kenako zii. Agogo aakazi anamwalira akuyang'anabe kunjira. Mayi tsopano akula, ndipo chimene amafunsa n'chimodzi: manda a bambo awo ali kuti?

Tili ndi chithunzi chimodzi chofwifwa ndi kapepala kong'ambika kokhala ndi nambala, imene amalume akuti ndi ya kumgodi. M'ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu 1974 munalibemo agogo, chifukwa kalata yawo yomaliza inafika ngoziyo itachitika kale. Chikundisowetsa mtendere ndi dzina. Kumudzi ankaitanidwa ndi mfunda wawo, pomwe polembetsa mwina anatchula la ubatizo, kalaliki n'kulemba mmene wamvera.

Alipo amene anapitako ku National Archives, kosungira zikalata zakale za dziko ku Zomba, kukafufuza nkhani yotere? Mumayambira pati, nanga mumatenga zikalata zanji? Komanso TEBA, imene inalowa m'malo mwa Wenela, ingathe kupeza munthu ndi nambala yokhayo? Ndikuganizanso zokaona kaundula wa ubatizo kumishoni kwathu kuti nditsimikize dzina lenileni.

Inu amene muli ku Johannesburg, ngati mukudziwa akuluakulu a kwathu amene anagwirapo kumigodi zaka zimenezo, chonde ndilumikizeni nawo. Ndikufuna mayi amve yankho akadali moyo.