Thandizeni pa nkhani ya push ndi transfer ya domain

Moni nonse abale, ndikugulitsa domain (dzina la website) yanga ya .com, wogula wapezeka kale koma mawu amene akundilembera akundizunguza mutu. Akuti tidutse pa escrow kenako ndimupangire push, apo ayi ndimupatse auth code (code yachinsinsi ya domain) yoti apangire transfer. Escrow ndayimva, ndalama zimakhala kwa kampani yapakati mpaka domain ifike kwa wogula, koma push ndi transfer zikusiyana pati? Ndawerenga malamulo a ICANN (bungwe loyang'anira ma domain) oti domain yongolembetsa kumene siisamukira kwa registrar (kampani yolembetsa ma domain) wina mpaka masiku 60 atakwana, yangayi yangotha mwezi basi. Ndasaka pa Google, ndaonera mavidiyo, a support angonditumizira link. Ndiye push imatheka lock ya masiku 60 ija isanathe? Nanga code ndipereke liti, ndalama zikangolowa ku escrow?