Nkhani ya rating yanga ija

Anzanga, mwezi watha ndinafunsa kuti munthu amatani mtima ukawira, nditagonja magemu 9 otsatizana a chess pa Lichess, webusaiti yosewerera chess, rating yanga (nambala yosonyeza luso la wosewera) n'kugwa. Ambiri munati ndizinyamuka ndikangoluza kawiri. Poyamba zinandikanika, chala chimangothamangira chokha pa batani la rematch, lopemphera gemu ina.

Kenako ndinayatsa Zen mode, ija imabisa manambala a rating ukamasewera, n'kusiya blitz ya mphindi 3 kupita ku rapid ya mphindi 10. Nditawunika magemu ndinaluza aja, asanu ndinali patsogolo ndithu, nthawi ndi imene inandithera. Manyazi ake!

Rapid ili ndi rating yakeyake, ndiye ya blitz idakali pomwe inagwera. Dzulo ndinaluza kawiri, ndinatseka foni n'kukagona.