Bolodi langa loyamba mu KiCad, nditumize ku fakitale kapena ndikonze kaye?

Wophunzira_Zamagetsi

Moni nonse. Ndamaliza kujambula PCB (bolodi lolumikizira zida za magetsi) yanga yoyamba mu KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi, ndipo ndikupempha muione ndisanatumize ma Gerber, mafayilo amene fakitale imapangira bolodi. Bolodi ndi la maleya awiri, 60 mm ndi 45 mm, FR-4 ya 1.6 mm, mkuwa wa 1 oz. Pali ESP32-WROOM-32E, moduli ya chipi yokhala ndi Wi-Fi, pakati penipeni. Magetsi akulowa 12 V, AMS1117-3.3 n'kuwatsitsa kufika 3.3 V. MOSFET (swichi ya magetsi) ya IRF540N ikuyatsa pampu ya 12 V yokoka 2 A. Pulogalamu ikulowera pa USB-C kudzera pa chipi ya CH340C. Matraki (tinjira ta mkuwa) onse ndi a 0.25 mm, a ground (GND, njira yobwerera karenti) omwe, ndipo akudutsa mbali zonse ziwiri. Makapasita a 100 nF ndawandandalika mzere umodzi m'mphepete kuti pazioneka mwaukhondo. DRC, chida cha KiCad chofufuza zolakwika, sikupeza cholakwa chilichonse. Ndingatumize?

Mkuwa35

Musatumize kaye. DRC imangoyeza ngati mkuwa watalikirana mokwanira komanso ngati chilichonse chalumikizidwa monga pa schematic (chithunzi cha kalumikizidwe ka zida). Kuchuluka kwa karenti yodutsa mu traki, kapena kumene ikubwerera, siikudziwa.

Yambani ndi ground. Chotsani matraki onse a GND, ndipo leya ya pansi yonse muithire mkuwa wa GND. Karenti iliyonse yotuluka pa pini imayenera kubwerera kumene yachokera, ndipo ikakhala ya siginolo yothamanga imabwerera mu mkuwa umene uli pansi penipeni pa traki yake. Traki yaitali yodutsa pa leya ya pansi imadula mkuwawo ngati ngalande yodula msewu: karenti imakazungulira kutali, njira yake n'kusanduka mphete yaikulu yotulutsa phokoso ndi kutolanso phokoso. Choncho matraki adutse pamwamba. Mukasowa podutsa, tsikirani pansi ndi via (kabowo kolumikiza maleya awiri), mudumphe 3 mm kapena 5 mm, mubwerere pamwamba. Pini iliyonse ya GND ikhale ndi via yakeyake pambali pa padi. Via ya bowo la 0.3 mm ndi padi ya 0.6 mm mafakitale ambiri amapanga popanda mtengo woonjezera.

Mzere wa makapasitawo upasuleni. Kapasita ya 100 nF ntchito yake ndi kupereka karenti yadzidzidzi pa nthawi imene chipi ikuifuna, ndipo ikakhala 30 mm kutali, inductance ya traki (kukana kwake kuti karenti isinthe msanga) imaitsekereza moti ili ngati palibe. Iliyonse ikhale 2 mm kapena 3 mm kuchokera pa pini yake ya magetsi. Pa pini ya 3V3 ya ESP32 ikani 100 nF pafupi kwambiri, kenako 22 µF pambali pake, chifukwa Wi-Fi ikamatumiza imakoka karenti yambiri mwadzidzidzi ndipo volteji ikatsika chipi imadziyambitsanso yokha.

ESP32 nayo ichoke pakati. Mbali ya antena ifike m'mphepete mwa bolodi, makamaka itulukire kunja, ndipo pansi pake pasakhale mkuwa pa leya iliyonse. Espressif, kampani yopanga ESP32, imalangiza kusiya malo a 15 mm kuzungulira antenayo. Jambulani rule area (malo oletsa mkuwa) pamenepo, apo ayi ground yanu yatsopanoyo idzadzaza yokha n'kupha netiweki.

Za traki ya pampu: malinga ndi kawerengedwe ka IPC-2221, muyezo wa kapangidwe ka mabolodi, traki ya 0.25 mm pa mkuwa wa 1 oz imanyamula pafupifupi 0.9 A kutentha kwake n'kukwera ndi madigiri 10. Ya 1 mm imapitirira 2 A pang'ono. Koma pampu poyamba kuzungulira imakoka kuwirikiza kangapo, ndiye ipatseni 2 mm kapena zone (dera lodzaza mkuwa) yathunthu. Mu Board Setup pangani net class (gulu la matraki a muyezo umodzi) ya magetsi kuti musamasinthe traki imodziimodzi ndi dzanja.

SolderNdiFlux

A Mkuwa35 anena zoona, koma zilipo zina zimene kusuntha zida sikungachiritse chifukwa zili pa schematic.

AMS1117 ipsa. Regulator yamtunduwu volteji yotsala imaisandutsa kutentha. Pa 12 V kuchotsapo 3.3 V patsala 8.7 V, kuchulukitsa ndi 0.25 A imene ESP32 ikukoka ikukwana pafupifupi 2.2 W, pa kachida ka SOT-223 kamene ngakhale 1 W kamafuna mkuwa wambiri woziziritsira. Kadzatentha, kadzadzizimitsa, kakazizira n'kuyakanso, inu n'kumasakasaka vuto mu pulogalamu. Ikani buck converter (chotsitsa volteji chosatentha kwambiri) yotsitsa 12 V kufika 5 V, AMS1117 itengere pamenepo. Kutentha kutsika kufika pafupifupi 0.4 W. Dziwaninso kuti phazi lalikulu la AMS1117 ndi VOUT, si GND. Mkuwa wozizirira umene mungaulumikize pamenepo ukhale wa 3.3 V.

IRF540N siitseguka bwino ndi 3.3 V. Geti yake imayamba kutseguka pakati pa 2 V ndi 4 V, ndipo kuti itsegukiretu imafuna 10 V. Tengani ya logic level, yotseguka ndi volteji yochepa, ngati AO3400. Pa geti ikani rezisita ya 100 Ω, ina ya 100 kΩ yopita ku GND kuti pampu isadzidzimuke ESP32 ikamadzuka, ndi dayodi ya SS34 pa miyendo ya pampu, mzere wake utaloza ku 12 V.

Pa USB-C, CC1 ndi CC2 iliyonse ikhale ndi rezisita yakeyake ya 5.1 kΩ yopita ku GND. Mukapanda kuika, chingwe cha C mbali zonse sichipereka 5 V. Mukaphatikiza mapini awiriwo pa rezisita imodzi, zingwe zina zigwira, zina ayi.

Wophunzira_Zamagetsi

Zikomo akuluakulu, ndayamba kale kusuntha. Mafunso awiri. Ndinawerenga kuti ground ya pampu iyenera kudulidwa kuti isasakanikirane ndi ya ESP32, ndidule? Nanga makona a madigiri 90, ena akuti amaononga siginolo?

Mkuwa35

Musadule. Ground yodulidwa imabweretsa vuto lomwe lija: traki ikawoloka mpata, karenti yake yobwerera imasowa podutsa. Chimene mukufunacho chimatheka ndi kaikidwe ka zida. Konekita ya 12 V, kapasita yaikulu ya 470 µF, MOSFET, dayodi ndi konekita ya pampu zikhale pakona imodzi moyandikana. Karenti ya 2 A izingozungulira pakonapo osafika kumene kuli ESP32.

Buck converter isamalidwe chimodzimodzi. Kapasita yolowera ikhudzane ndi mapini a VIN ndi GND, mkuwa wa pini ya SW ukhale waung'ono, ndipo traki ya feedback isadutse pansi pa inductor. Datasheet iliyonse ya buck imakhala ndi chithunzi cha kayalidwe kake. Koperani chimenecho, apa si poyesera luso. Kwa bolodi loyamba, kamoduli kopangidwa kale kowotcherera pa mapini anayi n'kosavuta.

Za makonazo musataye nazo tulo. Pa liwiro la bolodi lanu kona ya madigiri 90 siisintha chilichonse chimene mungayeze. KiCad imapinda madigiri 45 yokha, ingoisiyani.

Chidziwitso_PCB

Zotsala ndi za tsiku lotumiza. Sindikizani bolodi pa pepala pa sikelo ya 1:1, muikepo zida zenizeni. Footprint (mapadi ndi mabowo a chida pa bolodi) yolakwika ndiyo imatayitsa mabolodi oyamba ambiri, makamaka ya USB-C, chifukwa makonekita ofanana maonekedwe amasiyana mabowo a miyendo. Pa SOT-23 yerekezani manambala a mapini ndi datasheet: pa AO3400, 1 ndi geti, 2 ndi source, 3 ndi drain.

Mkuwa utalikire 0.5 mm kuchokera m'mphepete. Mabowo a M3 akhale 3.2 mm, ndipo musiye malo a 6 mm a mutu wa screw. Zolemba zisachepere 1 mm ndipo zisagwere pa mapadi. Lembani + ndi − pa makonekita. Onjezani ma test point pa 12 V, 5 V, 3.3 V, GND, TX ndi RX. Mapadi a GND a zida zamiyendo akhale ndi thermal relief (kulumikizidwa ku mkuwa ndi timizere tochepa), apo ayi mkuwa wa pansi umamwa kutentha konse ndipo solder sigwira. Onaninso kuti pini ya EN ili ndi 10 kΩ ndi 1 µF, ndipo IO0 ili ndi batani.

Musanatulutse mafayilo dinani B kuti ma zone adzazidwenso, muyendetse DRC ndi malire a fakitale imene mwasankha, kenako tsegulani ma Gerber mu GerbView leya imodziimodzi. Mu zip muzikhala Edge.Cuts ndi mafayilo a mabowo onse awiri, PTH (okhala ndi mkuwa mkati) ndi NPTH (opanda mkuwa). Mukamaliza tumizani pano chithunzi cha leya ya pansi yokha, tione ngati mkuwawo sunaduke pansi pa matraki a USB, D+ ndi D−.