Andisankha ukulu wa mpingo koma mtima wanga ukukayika za Baibulo, ndivomere?

Admin, chonde ndibiseni dzina. Muno muli anthu a kumpingo kwathu, muli ndi alamu anga omwe.

Ndine bambo wa zaka 41, wapabanja, ana atatu. Ndinakulira mu mpingo, ndipo kwa zaka 9 tsopano ndine amene ndimaphunzitsa kalasi ya achinyamata ofuna kubatizidwa. Sabata yatha abusa anandiitana n'kundiuza kuti dzina langa ladutsa pa ukulu wa mpingo, yankho akulifuna mwezi uno usanathe. Wina akanapha nkhuku. Ine chiyambire tsikulo sindikugona tulo.

Nkhani inayamba ndi matenda a mayi anga chaka chatha. Anadwala impso kwa miyezi isanu. Tili kuchipatala kunkabwera anthu opemphera, ndipo m'modzi mwa iwo ankakonda kuwerenga Marko 16:18, paja pakuti okhulupirira adzaika manja pa odwala ndipo adzachira. Anatiuza kuti Mulungu sanama, mawu ake ndi awa, ife tingogwira. Ndinagwiradi ndi mtima wonse. Mayi anatisiya. Pa maliro munthu yemweyo anauza azakhali anga kuti mwina m'chipinda muja munali wina wokayika. Mawu amenewo anandipeza, ndipo mpaka lero ali pachifuwa ngati mwala.

Patapita miyezi iwiri ndinkakonzekera phunziro la kalasi. Ndinatsegula Baibulo la Chingerezi la pa foni, la NIV, ndipo pa Marko 16 ndinapeza timawu tonena kuti mipukutu yakale kwambiri ilibe ndime 9 mpaka 20. Ndinazizidwa. Ndime imene tinaigwira pa bedi la mayi ili m'kati mwa zomwezo. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufufuza ngati wamisala. Machitidwe 8:37 ili mu Baibulo lakale la Chingerezi la King James, mu NIV anaitsitsira m'munsi. Pa 2 Samueli 24:1 amene anautsa Davide kuti awerenge anthu ndi Yehova, pa 1 Mbiri 21:1 ndi Satana. Ahaziya analowa ufumu ali ndi zaka 22 pa 2 Mafumu 8:26, koma pa 2 Mbiri 22:2 King James ikuti 42. Kenako mtsikana wina wa kalasi anandifunsa kuti kodi Yudasi anadzimangirira monga akunenera Mateyu, kapena anagwa chamutu n'kuphulika monga zalembedwera ku Machitidwe. Ndinamuyankha kuti chingwe chinaduka. Anakhutira, koma ine ndikupita kunyumba ndinkadziona ngati wakuba, chifukwa za chingwe chodukazo palibe pamene zinalembedwa.

Sindinasiye kupemphera. Yesu sindinamutaye, ndikuganiza choncho. Koma tsiku lokhazikitsa akulu amafunsa pamaso pa mpingo wonse ngati ukukhulupirira kuti Malembo ndi Mawu a Mulungu. Ndikati inde, kodi sindikhala ndikunama m'nyumba ya Mulungu? Ndikakana, ndikawauza chiyani abusa? Ngakhale mayi akunyumba sindinawauze. Khoswe wakhala pa mkhate, abale. Ndithandizeni maganizo, koma zonyoza ayi.

NDEMANGA

M'bale wa ku Ndirande: Achimwene, ameneyo ndi mdyerekezi, waona kuti mukukwezedwa. Yakobo 1:6 akuti wokayika ali ngati funde la m'nyanja lotengeka ndi mphepo. Salani kudya masiku atatu, fufutani Mabaibulo a pa foniwo, mubwerere ku Buku Lopatulika. Nkhani yatha.

Mayi wa Chigwirizano, Lilongwe: Poyamba pepani ndi zovuta, bambo. Anthu athamangira ku mavesi osakupepesani n'komwe. Ine za mipukutu sindilowererapo, koma amene ananena pa maliro kuti munali wokayika uja anakulakwirani, ndipo analakwira Mulungu. Paulo yemwe ankachiritsa anthu anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, werengani 2 Timoteo 4:20. Timoteo ankavutika m'mimba pafupipafupi. Elisa, amene mafupa ake anadzutsa munthu wakufa, iye mwini anafa ndi nthenda. Onsewa munali wokayika m'chipinda? Ndiponso ndime yomweyo ya Marko imanenanso zotola njoka ndi kumwa zakupha. Bwanji sanabwere ndi mphiri m'thumba kuchipatalako? Amasankha theka la ndime limene likalephera mlandu ugwere wina. Ine ndinaika mwana wa zaka 6 m'manda, ndinakhala chaka chathunthu ndikungotha kuwerenga Salimo 88 lokha, lija lothera mumdima lopanda aleluya kumapeto. Nalonso lili m'Baibulo lomwelo.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Ndikutsatira. Mafunso omwewa ndili nawo koma ndimaopa kufunsa.

Mphunzitsi wa zaumulungu, Zomba: Bambo, ndilemba zambiri, mundipirire. Zimene mwapezazo si chinsinsi chimene mwaba. Abusa amene anadutsa ku koleji ya zaubusa amaziphunzira, kungoti pa guwa sizikambidwa kawirikawiri, ndipo ine ndimaona kuti pamenepo timalakwa, chifukwa munthu amakazitulukira yekha usiku pa foni, ali ndi chisoni ngati inu.

Kale kunalibe makina osindikizira. Kwa zaka zoposa 1,000 Chipangano Chatsopano chinkakoperedwa pamanja, ndipo mipukutu ya Chigiriki imene ilipo lero ndi yoposa 5,000. Wokopera amatopa, amadumpha mzere, nthawi zina amalowetsa m'kati mawu amene wina analemba m'mphepete. King James inatuluka mu 1611 potsatira mipukutu yochepa ya m'zaka zapambuyo. Kenako akatswiri anayamba kugwiritsa ntchito yakale kwambiri, monga Sinaiticus, imene mbali yake yaikulu ili ku British Library ku London, ndi Vaticanus ya ku Vatican, yonse ya m'zaka za m'ma 300. Mu iwiriyi Marko amathera pa 16:8, amayi akuthawa kumanda ndi mantha. Mipukutu ina yambirimbiri ili ndi ndime 9 mpaka 20, ndipo ndimezo n'zakale ndithu, Irenaeus, bishopu wa mpingo wakale, anazitchula cha m'ma 180. N'chifukwa chake omasulira amazisiya momwemo koma n'kukuuzani zoona m'munsi. Ofuna kukunamizani akanachotsa timawu tam'munsito, inu osadziwa kanthu.

Za Ahaziya dziwerengereni nokha. Pa 2 Mbiri 21:20 bambo ake Yehoramu analowa ufumu ali ndi zaka 32, nalamulira zaka 8, ndiye kuti anafa ali ndi 40. Mwana sangakhale ndi zaka 42 bambo ake atafa ndi 40. Wokopera anaphonya nambala, ndipo Baibulo lomwelo ndi limene likukupatsani njira yoonera cholakwacho. Za Davide, wolemba Mbiri analemba patapita nthawi, Ayuda atabwerako ku Babulo, ndipo akunena poyera zimene buku la Yobu limaonetsanso, kuti Satana sachita kanthu Mulungu asanalole. Ena yankho limeneli limawakwanira, ena ayi. Za Yudasi, kunena kuti chingwe chinaduka ndi maganizo akale a ofuna kugwirizanitsa nkhani ziwirizo, ndipo mukadzafunsidwanso muzinena kuti ndi maganizo. Mateyu ndi Machitidwe akugwirizana kuti anafa imfa yoipa ndipo panali munda wotchedwa wa Magazi.

Kuuka kwa Yesu sikudalira mathero a Marko. Kuli mu Mateyu, Luka, Yohane, ndi 1 Akorinto 15 imene Paulo analemba cha m'ma 50, mboni zambiri zikadali moyo. Mawu a 2 Timoteo 3:16 akuti Malemba anauziridwa ndi Mulungu ndipo ndi opindulitsa pophunzitsa ndi kukonza munthu. Sakulonjeza kuti dzanja la wokopera aliyense silidzaterereka.

M'bale wa ku Ndirande: Mwaona? Ma degree ndi amene akupha mipingo. Petulo analibe degree.

Mphunzitsi wa zaumulungu, Zomba: Zoona akulu, ndipo Petulo yemweyo analemba kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzimvetsa. Zili pa 2 Petro 3:16.

Mkatolika wa ku Dedza: Vuto lanu anzathu n'lakuti munaika katundu yense pa buku lokha, ndiye tsamba limodzi likagwedezeka nyumba yonse imanjenjemera. Mpingo unalipo Chipangano Chatsopano chisanasonkhanitsidwe. Mndandanda wa mabuku 27 monga tili nawo lero ukupezeka m'kalata ya bishopu Athanasius wa ku Alexandria ya chaka cha 367. Zaka zonsezo Akhristu ankapemphera, ankabatiza, ankaphedwa chifukwa cha Yesu. Ife tili ndi mabuku 73, inu 66, anzathu a ku Ethiopia 81. Anasankha ndani ngati si Mpingo?

Mlongo wa ku Kasungu: Ayi bambo, Mpingo sunapange Mawu, unangowazindikira. Mwana akazindikira mawu a mayi ake si ndiye kuti wabereka mayi akewo.

Admin: Za Akatolika ndi Aprotestanti tinakangana kale mwezi watha, ndemanga zinadutsa muyeso. Thandizani mwini funso.

Wa ku Johannesburg: Achimwene ine ndinali ngati inu, ndinkaimba kwaya. Ndinasiya zonse ndipo ndili pa mtendere. Bukuli linabwera ndi azungu limodzi ndi msonkho. Musavomere udindo pa chinthu chimene mtima wanu wachikana kale.

Mlongo wa ku Kasungu: Ku Ethiopia Chikhristu chinakhazikika m'zaka za m'ma 300, nthawi ya mfumu Ezana, azungu a msonkhowo asanalote n'komwe za kuno. Ndipo John Chilembwe amene anawaukira mu 1915 anali mbusa wowerenga buku lomweli. Koma pa mfundo yoti asalumbire zimene sakukhulupirira, ndagwirizana nanu.

Mkulu wa mpingo wopuma, Nkhoma, kudzera pa foni ya mdzukulu: Mwana wanga, ndakhala pa ukulu zaka zoposa makumi atatu. Amene akuti ubwerere ku Buku Lopatulika adziwe kuti nalonso silinagwe kumwamba lili m'Chichewa. Analimasulira anthu, William Murray ndi anzake pamodzi ndi makolo athu amene ankawathandiza chinenero, ndipo linatuluka lathunthu mu 1922. Pambuyo pake linakonzedwanso. Pamene Buku Loyera linkafika mu 1998, anthu ena anakwiya kuti pamalo pa Yehova alembapo Chauta, ankati atibweretsera mulungu wa kukachisi wa mvula. Ine ndinali m'gulu la okwiyawo. Lero mdzukulu wanga amandiwerengera lomwelo ndipo ndimamva bwino kuposa kale.

Pali kukayika kwa munthu amene akufuna chifukwa chothawira, wapeza mkazi wina kapena ndalama zachinyengo ndiye akufuna Baibulo likhale labodza kuti apume. Ameneyo ndimamudziwa akangoyamba kuyankhula. Iwe sukumveka choncho. Iwe ukumveka ngati Yohane Mbatizi ali m'ndende, amene anatuma ophunzira kukafunsa Yesu ngati alidi Iye wakudzayo kapena ayembekezere wina. Munthu amene anam'batiza ndi manja ake! Yesu sanamukalipire, anamutumizira yankho, kenako n'kumuyamikira pamaso pa anthu. Werenganso Mateyu 28:17. Pa phiri paja ophunzira anamulambira, koma ena anakayika, ndipo ndime zotsatira anawatuma onse osapatula okayikawo.

Komabe usavomere mwakachetechete. Ukulu si mpando waulemu ayi. Udzaitanidwa usiku kukaima pambali pa bedi la mayi wa munthu wina, ndipo zimene udzanene pamenepo zidzakhala pachifuwa pa ana ake monga zakhalira pa iwe. Pita kwa abusa, uwauze zonse monga walembera muno. Funsa kuti lumbirolo likutanthauza chiyani kwenikweni. Ngati kuli kofunika, pempha chaka chimodzi. Mpingo suthawa. Ndipo uyambe ndi mkazi wako usiku uno, n'zamanyazi kuti ife alendo tadziwa iye asanadziwe.

Mtsikana wa ku Blantyre: Ine pempho langa n'lakuti musasiye kalasi. Ndinachoka kumpingo kwathu chifukwa ndinafunsa kuti Kaini anakwatira ndani, aphunzitsi n'kundiuza kuti ndili ndi chiwanda. Ndinali ndi zaka 14.

Mwini funso: Zikomo nonse, ngakhale achimwene a ku Ndirande, kusala kudyako ndichita koma foni sindifufuta. Agogo a ku Nkhoma, mwandichititsa manyazi ndipo ndamvera. Dzulo ana atagona ndinawauza mayi akunyumba. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati iwo anadziwa kalekale kuti china chake chavuta, chifukwa kuyambira pa maliro ndikamapemphera ndimadumpha kupempherera odwala. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndimatero. Anandiuzanso kuti mawu a pa maliro aja iwo ankaganiza kuti akunena iwowo, chifukwa ndi amene anafunsa adokotala pamaso pa anthu opemphera aja ngati mayi achire. Chaka chonse aliyense akudziimba mlandu payekha m'nyumba imodzi.

Abusa ndawaimbira, tikumana Lachinayi madzulo. Aphunzitsi a ku Zomba, za mipukutu mwandimasula, koma chatsala n'chakuti Yakobo 5:15 ilibe timawu tam'munsi, ili m'mipukutu yakale yomweyo, ndipo ikuti pemphero la chikhulupiriro lidzapulumutsa wodwala ndipo Ambuye adzamuutsa. Imeneyo ndikaitenga bwanji ndikadzatumidwa kuchipatala?

Mayi wa Chigwirizano, Lilongwe: Imeneyo mukawafunse abusa Lachinayi, mudzatiuzeko zimene akayankhe. Ine ndakhala nayo zaka 12. Mupite nawo limodzi mayi akunyumbawo.