Andisankha kukhala shefi wa turma, koma anzanga ayamba kunditalikira

Wa ku Domwe analemba:

Moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi ophunzira anzanga. Ndine mnyamata wa zaka 17, kwathu ndi ku Domwe m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo ndikuphunzira kalasi 11 pa sukulu ina ya sekondale ku Ulongue, kumene ndikuchita lendi kachipinda kamodzi ndi mnzanga wa m'mudzi mwathu amene tinakulira limodzi. Sukulu itangotsegulidwa chaka chino, anzanga anandisankha kukhala mtsogoleri wa kalasi, udindo umene kuno timautchula kuti shefi wa turma. Ntchito yanga ndi kukatenga bukhu la kalasi ku ofesi, kuuza mphunzitsi aliyense mayina a amene sanabwere kuti awalembe falta (chizindikiro cha kujomba), kugawa masiku osesa, ndiponso kusonkhetsa mametikali 20 kwa munthu aliyense kuti tigule matsache ndi ndowa komanso kujambulitsa mapepala a maphunziro. M'kalasi mwathu tilimo anthu 62.

Poyamba ndinakondwa, koma tsopano mtima wanga suli m'malo. Mnzanga uja amajomba Lachisanu lililonse chifukwa amakachita ganyu yokweza matumba a mbatata ya kachewere m'magalimoto, ndipo ndalama imeneyo ndi imene amalipirira gawo lake la lendi. Iye amafuna kuti ndizinena kuti alipo, popeza m'kalasi ya anthu ochuluka chonchi aphunzitsi ena saitana mayina. Ndinamuchitira zimenezi kawiri, kachitatu ndinakana, ndipo kuyambira tsiku limenelo tikuphika miphika iwiri pa mbaula imodzi. Ena m'kalasi ayamba kunditchula kuti kazitape wa aphunzitsi, ndipo wina anafunsa mokweza kumene ndalama za matsache zinapita.

Nditawafotokozera amalume anga, iwo anandiyankha kuti utsogoleri ndi wa kumtundu, ndipo kubanja kwathu sikunatulukepo ngakhale nyakwawa, choncho ndingotula pansi udindowu. Kodi ndi zoona kuti munthu amabadwa nawo utsogoleri? Ngati ndi chinthu chophunzira, kodi wophunzira angachiphunzire bwanji popanda kutaya anzake onse?

Mphunzitsi wopuma wa ku Furancungo anayankha:

Mwana wanga, ndiyambe ndi mawu a amalume ako, chifukwa ngakhale ndikuwalemekeza, mwambo wathu womwe sukugwirizana nawo. Kwa ife Achewa ufumu umayenda kuchikazi, ndipo mfumu ikamwalira pamakhala ana a alongo ake angapo amene onse magazi ndi amodzi. Amayi akuluakulu a mbumba ndiwo amakhala pansi n'kuyamba kuwasanthula mmodzimmodzi, kuti uyu ndi waukali, uyu mowa unamulowerera, uyu maliro akagwa amakhala woyamba kufika ndi khasu kumanda, uyu akamutuma ndi ndalama amabweza zotsala. Ngati magazi okha akanakhala okwanira, amayiwo sakanavutika ndi kusankha. Zimene iwo amayang'ana ndi makhalidwe amene mwanayo anaonetsa kwa zaka zambiri asakudziwa kuti pali amene akumuonerera, ndipo makhalidwe otero amakula pa zinthu zazing'ono ngati bukhu limene wanyamulalo.

Ine ndinaphunzitsa m'boma la Macanga m'zaka zotsatira mgwirizano wa mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992, pamene anthu athu ankabwerera kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Tinkaphunzitsira pansi pa mitengo, ana a misinkhu yosiyana kwambiri atasakanikirana, ena atamera kale ndevu. Pa ma shefi onse amene ndinagwira nawo ntchito, ndinaona kuti amene ankalephera msanga anali a mitundu iwiri. Ena ankadzisandutsa apolisi, osangalala kulemba mayina a anzawo, ndipo ena ankafuna kukondedwa ndi aliyense kotero kuti mawu awo anasiya kukhulupirika kwa aphunzitsi ndi kwa ana omwe. Iwe wayesa njira yachiwiri kawiri, kenako wadumphira ku yoyamba, n'chifukwa chake mnzakoyo akuona ngati wamutembenukira.

Kukana kunama unachita bwino, koma unaimira pakati pa njira. Shefi wa turma anaikidwa kuti azinyamula mawu kupita mbali zonse ziwiri, ndipo iwe pakadali pano ukungonyamula mawu a ku ofesi kupita nawo kwa anzako. Vuto la mnzakoyo ndi lenileni, si ulesi, ndipo mafalta akachuluka akhoza kumuluzitsa chaka chonse ngakhale atamakhoza mayeso. Umutenge mupite limodzi kwa direkitori wa turma yanu, amene ndi mphunzitsi woikidwiratu kuti azimva nkhani zoterezi, ukafotokoze za lendi ndi za ganyu, ndipo ukavomerenso ndi pakamwa pako kuti unanama kawiri. Mbali yomalizayi ndi yowawa, ndikudziwa, koma nkhaniyi ikakamveka kuchokera kwa munthu wina, sadzakukhulupiriranso pa china chilichonse.

Za dzina la ukazitapelo usataye nazo tulo, mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma upite ukakhale pa bwalo la milandu kwanuko ku Domwe nthawi ya tchuthi, uone mmene mfumu yodziwa ntchito imachitira. Imakhala chete, oimbidwa mlandu ndi odandaula alankhule, nduna zifunse mafunso, ndipo iyo imalankhula pomaliza, mawu ake n'kukhala ochepa. Ukafuna kugawa masiku osesa kapena kukhazikitsa chopereka, uchite chimodzimodzi. Anthu 62 akalankhulapo pa lamulo asanalivomere, sadzanenanso kuti ndi lamulo lako.

Mlongo wa zaulimi anayankha:

Achimwene, ine ndikuphunzira zaulimi pa nthambi ya yunivesite ya UniZambeze ya kuno ku Ulongue, ndipo ndikufuna ndikambepo za ndalama zokha, chifukwa mwazitchula mongodutsa pamene ndi zimene zikhoza kukugwetsani msanga kuposa nkhani ya mafalta. Anthu 62 akapereka mametikali 20 aliyense zimakwana mametikali 1,240. Kwa munthu wa pantchito ndi ndalama yochepa, koma kwa wophunzira wa lendi amene ufa wamuthera pakati pa mwezi ndi chiyeso chachikulu.

Ndikunena zimene zinandichitikira ndili kalasi 10 pa sukulu ina ku Tsangano. Ndinkasunga ndalama za kalasi m'kachikwama kamodzi ndi ndalama zanga, ndipo tsiku lina mnzanga wina atadwala ndinatapako mametikali 150 kuti akwere njinga yamoto kupita kuchipatala. Cholinga chinali chabwino, koma sindinauze aliyense ndiponso sindinalembe paliponse. Pamene ndalama zinafunika, mnzangayo anali asanabweze, ndipo ine ndinalibe umboni wina uliwonse kupatula misozi. Dzina la wakuba linandimatirira mpaka chaka chinatha, ndipo amene anandipweteka mtima kwambiri anali atsikana anzanga amene ankadziwa choonadi koma anaopa kulankhula.

Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti kukhulupirika kwa mumtima sikuthandiza ngati anthu alibe poonera. Mugule kope la ndalama zokhazokha, aliyense wopereka azisaina yekha pa dzina lake, ndipo chilichonse chogulidwa chizilembedwa tsiku lomwelo pamodzi ndi mtengo wake. Ndalama zenizenizo musasunge inu. Mupemphe kalasi isankhe msungichuma, makamaka munthu amene si mnzanu wapamtima, ndipo zingakhale bwino kwambiri atakhala yemwe uja anafunsa mokweza za matsache. Kumapeto kwa mwezi uliwonse mulembe pa bolodi zolowa, zotuluka ndi zotsala, aliyense aone. Mudzamva ngati mwadzichepetsera mphamvu, koma mudzagona tulo.

Kwa amalume anu ndingowakumbutsa za mayi Luísa Diogo, obadwira m'chigawo chathu chino cha Tete mu 1958, amene anaphunzira zachuma pa Universidade Eduardo Mondlane, anakhala nduna ya zachuma, kenako nduna yaikulu ya dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2010, mayi woyamba pa udindo umenewo. Njira yawo yonse inadutsa m'mabuku a ndalama za anthu ena, ndipo ine ndimawakumbukira ndikamalemba kope la gulu lathu la ophunzira.

Wa ku Moatize anayankha:

Ndawerenga mayankho awiriwa ndipo ndi abwino, koma ndikuona kuti tonse tikumukankhira mnyamatayu ku udindo osamufunsa kuti manota ake, kapena kuti malikisi ake a mayeso, ali pati. Mng'ono wanga, unapita ku Ulongue kukaphunzira, ndipo makolo ako akugulitsa chimanga ndi nyemba chifukwa cha zimenezo. Chaka chamawa uli ndi mayeso a kalasi 12, kenako mayeso olowera ku yunivesite kapena ku Instituto Superior Politécnico de Tete, ndipo kumeneko palibe amene adzakuwonjezere nota chifukwa unali shefi wa turma. Ngati pa masamu ukupeza 8 pa 20 pamene kukhoza kumayambira pa 10, utsogoleri woyamba ndi wodzilamulira wekha, kudzuka m'mamawa kuzizira kwa Juni kuli pakhomo n'kutsegula kope. Kalasi simvera shefi amene dzina lake lili kumunsi pa pepala la zotsatira za mayeso.

Chachiwiri, bambo mphunzitsi andikhululukire, si aphunzitsi onse amene amaona shefi ngati mtsogoleri. Pa sukulu imene ine ndinaphunzira, imene sindiitchula, shefi ankatumidwa kukagula mayunitsi a foni nthawi ya phunziro, kulemba manotsi pa bolodi m'malo mwa mphunzitsi amene wachoka, ndiponso kutolera ndalama za mapepala zimene sizinkadziwika ku ofesi. Kukana mnzako wa m'mudzi n'kovuta, koma kukana munthu wamkulu amene ali ndi cholembera chofiira n'kovuta koposa, ndipo kumafuna ulemu wambiri ndi mawu osankhidwa bwino. Udziwe kuti sukulu za boma zili ndi khonsolo ya sukulu, mmene mumakhala makolo, aphunzitsi, anthu a m'dera ndiponso oimira ophunzira. Nkhani ya chopereka chokayikitsa ili ndi kokaitula kumeneko.

Komabe pa nkhani ya bodza ndili kumbali ya bambo mphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito ku migodi ya malasha kuno ku Moatize, ndipo ndimayang'anira gulu la anthu ochepa. M'mawa uliwonse ndimasaina kuti makina ayenderedwa ndipo munthu aliyense ali m'malo mwake ndi zovala zodzitetezera. Tsiku limene ndidzasaine kuti mnzanga alipo pamene palibe, kapena kuti mabuleki ayesedwa pamene sanayesedwe, kukhoza kugwa maliro. Dzanja limene limasaina pepala limenelo ndi lomwe lija linkalemba m'bukhu la kalasi, silisinthira pa geti la kampani.

Mphunzitsi wopuma wa ku Furancungo anayankhanso:

Bambo a ku Moatize, palibe choti ndikukhululukireni, zimene mwanenazo ndinaziona ndi maso anga ndipo nthawi zina ndinakhala chete pamene ndinayenera kulankhula. Pa za manota mwalasa. Ndingowonjezera kuti mnyamatayu ali ndi womuthandiza, popeza turma iliyonse imasankhanso wachiwiri kwa shefi, ndipo kawirikawiri pamakhalanso woyang'anira zaukhondo. Ngati iye akusenza zonse yekha mpaka kusowa nthawi yowerenga, ndiye kuti sanaphunzire kugawa ntchito, ndipo mwina mumtima akuopa kuti ena angazichite bwino kuposa iye.

Wa ku Domwe analembanso:

Zikomo kwambiri bambo mphunzitsi, achemwali, ndi inu achimwene a ku Moatize. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna ndiyambe ndachita zimene munandiuza. Pa masamu ndili ndi 11, choncho sindinagwe, koma ndikuvomera kuti chaka chatha ndinali ndi 14.

Mnzanga uja anakana kupita nane kwa direkitori wa turma, choncho ndinamuuza kuti ndipita ndekha ndipo ndinamufotokozera mawu onse amene ndikanene, kuti asadzamve kwa ena. Ndinakavomera za masiku awiri aja. Aphunzitsiwo anandidzudzula kwambiri ndipo analemba mafalta awiriwo, koma anamuitanitsa mnzangayo n'kukambirana naye nthawi yaitali, ndipo anamuuza kuti abwere ndi kholo lake kuti akaone ngati angamusamutsire ku turma ya masana, popeza magalimoto a mbatata amakweza m'mawa. Bambo ake akuyembekezeka kubwera sabata yamawa.

Ndalama nazo ndinazilemba pa bolodi monga munandilangizira, achemwali, ndipo zinapezeka kuti zikuperewera mametikali 40 amene sindikukumbukira kumene anapita. Ndinanena zimenezo pamaso pa kalasi yonse n'kubweza kuchokera m'thumba mwanga. Ena anaseka, ena anati ndimafuna kuba koma ndagwidwa, koma pamapeto pake anasankha msungichuma, ndipo ndi mtsikana yemwe uja anafunsa za matsache. Masiku osesa ndawasiya m'manja mwa wachiwiri wanga.

Kunyumba miphika ikadali iwiri. Koma Loweruka lapitali mnzangayo anatenga kope langa la biyoloje pa mphasa osandipempha, anakopera manotsi onse a Lachisanu, ndipo pobweza anasiya mbatata zisanu pamwamba pake.